Dima la Kanyimbi

Padangokhala. Muvomere ndithu, musangondiyang'ana, chifukwa nthano iyi ndi ya munthu amene anaimba osavomeredwa, ndipo ine sindifuna kuti zomwezo zindionekere.

Kunali Kanyimbi. Mbiri yake mukuidziwa, sindichita kubisa: ankanunkha. Sikuti sankasamba ayi, ankasamba kuposa ena a inu, koma fungolo anabadwa nalo, ndipo akadzidzimuka linkachita kukhuthuka. Choncho ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi wa nyama, m'kanyumba kamene anasiya malemu mayi ake. M'kanyumbamo munkamvekabe fungo la mayiwo, fungo lokhalo padziko limene silinali lake koma silinkamuthawa. Wodutsa ankapereka moni akuyenda. Wofuna moto ankalolera kukapala kutali, kusiya wa Kanyimbi ukuyaka.

Masiku amenewo nyumba zinkamangidwa pa dima. Mwini nyumba ankaphika thobwa, nyama zonse n'kubwera kudzamuthandiza, wina ndi nsichi, wina ndi mapaso, wina ndi mtolo wa udzu. Dima linkayenda mosinthana, chilimwe chilichonse mabanja angapo, ndipo likafika pa munthu panalibe wololedwa kukana kupitako. Linali ndi nyimbo yake. Mwini nyumba ankaima pakati pa bwalo lake n'kumaitana anzake mmodzimmodzi, kutchula dzina ndi kufunsa chimene wabweretsa. Wotchulidwayo ankayankha yekha kuti wafika, kenako khamu lonse linkavomera pamodzi kuti lilipo ndipo silichoka mpaka denga litatha. Inali nyimbo yosavuta, ngakhale mwana ankaidziwa. Koma woyambitsa anali mwini nyumba yekha basi.

Kanyimbi sanajombepo dima la munthu. Ntchito yake inali yosenda luzi, ndipo ankamuika kutali, kumene mphepo ikulowera. Chikho chake cha thobwa ankachita kumukankhira ndi ndodo. Dzina lake m'nyimbo silinkatchulidwa, eni nyumba ankanamizira kuiwala. Komabe khamu likamavomera, iye ankavomera nawo kutaliko, mokweza mpaka pakhosi kuwawa. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chimodzi: tsiku lina dima lidzafika kwa iye. Tsiku limenelo nyama zonse zidzaponda pabwalo pake, kufuna kusafuna, iye adzaima pakati, adzaitana, ndipo zidzamuvomera.

Akuluakulu anamuzembazemba kwa zaka zambiri, mpaka kanyumba kaja kanapendekeka moti iwo omwe anachita manyazi. Amene anadzamuuza anali Mayi Nkhanga, mayi wa ana ambiri, amene mawu awo povomera nyimbo ankamveka pamwamba pa onse. Anaima patali ndithu.

"A Kanyimbi, konzani chimera. Chilimwe chikubwerachi dima ndi lanu."

"Mukunena zoona, mayi?"

"Ndikunamizeni kuti ndipindule chiyani? Luzi la nyumba yanga munasenda ndinu. Ine sindinaiwale."

Kanyimbi ananyika mawere tsiku lomwelo. Chimera chitamera anachiyanika, n'kuchisunga mumtsuko pakona pamene pankagona mayi ake. M'mawa uliwonse ankaima pabwalo pake kuyeserera nyimbo ija. Ankatchula mayina onse, kuyambira la Mayi Nkhanga, ndipo pamalo povomera ankakhala chete, kusiyira eni ake.

Kenako kunabwera lamulo.

Tisanamizane, lamulolo silinali lopusa. Dzinja la chaka chimenecho linali litagwetsa nyumba zambiri. Achinyamata ankakwatira n'kumagona m'makhitchini mwa apongozi awo. Dima nalo linkachedwa, kuimba kwambiri, ntchito pang'ono, moti wina ankamera imvi akudikira denga. Ndiye aphungu a nyama anakhala pansi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo Nduna ya za Nyumba, a Njati, anabwera kudzalengeza okha.

"Dima latha!" anatero a Njati. "Kuyambira lero nyumba azimanga ndi Achiswe, amisiri a boma. Nyumba zofanana, pamzere umodzi. Mtengo wake musaope. Malipiro a Achiswe ndi nyumba zanu zakalezi, adya nsichi ndi udzu womwe. Inu mukhale kaye m'misasa. Mvula isanagwe aliyense akhala ali ndi denga."

Nyama zinaomba m'manja, amayi nthungululu.

"Chinanso," anapitiriza a Njati, "palibe wolowa m'nyumba yake mpaka yomaliza itatha. Zitseko zonse tizimanga ndi luzi, ndipo luzilo ndidzadula ndine, tsiku limodzi, pamaso pa onse. Zimenezinso zili m'lamulo."

A Njati ankakonda mwambo wotsegulira zinthu kuposa msipu.

Kanyimbi anakweza dzanja kumbuyo kwenikweni kumene anaima yekha.

"Bwana Nduna, nanga ife amene dima lathu linali chaka chino?"

"Inu ndiye mwachita mwayi, bambo. Simuvutikanso ndi kuphika thobwa."

Nyama zinaseka. Kanyimbi anasekerera nawo pang'ono kuti asaoneke wopusa, koma mumtima munamuwawa kwambiri. Anapita kwawo, anavundukula mtsuko wa chimera, anauyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kuimba, mawu anakana kutuluka. Atakhala ndwii pakhomo, mawu omaliza a Nduna anamubwerera. Palibe wolowa mpaka yomaliza itatha. Ndipo yomaliza pamzerewo inali yake.

"Ohoo," anatero Kanyimbi. "A Nduna adzimanga okha ndi luzi lawo."

Achiswe anagwira ntchito, tisawanyoze. Nyumba zinkamera ngati bowa, chitseko chilichonse luzi lake. Potsiriza anafika kwa Kanyimbi. Koma iye anali atakumba kale dzenje kuseri kwa kanyumba kake, ndipo anali atakoka chipika pabwalo kuti chisiye nkhukuluzi yolowera m'dzenjemo.

"Odi kuno! Ndife a boma!" anakuwa kapitawo wa Achiswe.

"Fikani, a kapitawo, fikani. Koma chonde motsitsa mawu."

"Bwanji?"

"Amalume agona."

"Amalume anu ndani?"

"A Ngaka. Anafika dzana."

Kapitawo anaima njii. Kwa amene simumudziwa Ngaka, ndi nyama ya mamba ija, ndipo chakudya chake ndi chiswe, m'mawa chiswe, madzulo chiswe.

"Musadandaule," anatero Kanyimbi. "Akalamba, sadya kwambiri. Kungoti dzulo amandifunsa ngati kuno kuli... Iyayi, zisiyeni. Yambani ntchito."

"Amafunsa chiyani?"

"Nkhani za anthu okalamba. Akuti lilime lawo lakhala nthawi osatambasuka."

Kapitawo anayang'ana nkhukuluzi, anayang'ana dzenje.

"Anyamata, bwererani!"

Linali liwiro la mtondo wadooka. Pabwalo patangokhala zii, Kanyimbi anaima pakati n'kuimba nyimbo ya dima. Anatchula mayina onse, ndipo pamalo povomera anakhala chete. Panalibe anayankha.

A Njati anafika akutulutsa mpweya m'mphuno. Anapisa nyanga m'dzenje muja, osapezamo kanthu.

"Amalume anuwo ali kuti?"

"Anyamuka m'mawa, bwana. Koma akuti abweranso."

"Achiswe akana kubwerera kuno."

"Pepani, bwana. Kapena tingoitana anthu a m'mudzi, ine chimera ndili nacho..."

"Dima linatha! Nditumiza Anamzeze."

Anamzeze ndi mbalame zomata ndi dothi, amisiri aukhondo, ndipo Ngaka samuopa chifukwa sauluka. Kanyimbi analowa m'thengo, anabwera ndi ulimbo, n'kuusakaniza m'matope onse a padzenje pamene amisiriwo ankayenera kutapa.

Anamzeze anafika m'mamawa ali gulu, akulongolola. Kapitawo wawo anatera pamatope kuti ayese dothi. Atafuna kunyamuka, mwendo unakana. Anakoka, unzake unakananso.

"Mayo! Dothi lanji ili?"

"Lakugwirani?" anafunsa Kanyimbi modandaula. "Ndinaiwala kukuchenjezani. Dothi la pamalo anga ndi lotero, limakonda alendo."

"Ndichotseni, bambo inu!"

"Dekhani. Mwachita mwayi kuti lagwira miyendo yokha. Njiwa ina linaigwira mlomo. Inu paja dothi mumanyamula ndi chiyani?"

Anamzeze onse anatseka milomo nthawi imodzi. Kanyimbi anamuzula kapitawoyo mosamala, nthenga zingapo zinatsalira pomwepo, ndipo gulu lonse linabalalika osatsanzika. Iye anaimanso pakati pa bwalo, anaimba, anatchula mayina, anasiya mpata wa ovomera. Panalibe anayankha.

"Zachitikanso chiyani?" anabangula a Njati atafika.

"Malo anga ndi atsoka, bwana. Kapena tingoitana anthu..."

"Ndati dima linatha! Nditumiza a Nantchengwa. Amenewo saopa kanthu."

Nduna itachoka kunabwera Mayi Nkhanga. Ulendo uno anafika pafupi kuposa kale, moti Kanyimbi anasowa poika manja.

"A Kanyimbi, mitambo mukuiona?"

"Ndikuiona, mayi."

"Ine ndili mumsasa ndi makanda. Nyumba yanga ndi iyo, yatha, koma chitseko n'chomanga. Ana a nkhanga sapirira mvula, mukudziwa inu."

"Nanga ine nditani, mayi? Amisiri akungothawa okha."

Mayi Nkhanga anayang'ana zala za Kanyimbi. Zinali zikadali ndi ulimbo. Kanyimbi anazibisa kumbuyo.

"Ine sindinaone kanthu," anatero mayiwo. "Koma chonde, aloleni a Nantchengwa amalize."

Anatembenuka n'kumapita. Kanyimbi anatsala mtima uli pawiri. Anangotsala pang'ono kugonja, ndipo ine ndikanakonda akanagonja. Koma atalowa m'nyumba anaona mtsuko uja pakona. Anadziuza kuti mvula sigwa msanga, mitambo yoyamba imangoopseza. Munthu akafuna chinthu kwa zaka zambiri amadzinamiza mosavuta.

A Nantchengwa anali mmisiri wamkulu, mbalame yomanga zisa zikuluzikulu, ndipo kudzitama kwawo kunali kofanana ndi zisazo. Anafika ndi mtengo pakamwa, anauponya pansi.

"Ndamva mbiri yanu, bambo Kanyimbi. Fungo ine sindilimva. Ngaka akabwera ndimujompha. Matope sindigwira, ine ndimamanga ndi mitengo. Muli ndi china?"

"Ndilibe, a mmisiri. Ine ndingokhala apa ndiziphunzira."

Anakhaladi pansi, manja pachibwano, kuyang'ana ngati wagoma. Khoma litafika m'chiuno anafunsa mwaulemu.

"Ndiye mumanga yofanana ndi zinazi?"

"Lamulo likutero."

"Ayi, zili bwino. Ndimangoganizira anthu odutsa."

"Odutsa atani?"

"Adzayang'ana mzere wonsewu n'kunena kuti, taonani ntchito ya Achiswe. Nanga adzasiyanitsa bwanji?"

A Nantchengwa anaima, mtengo uli pakamwa. Anaulavula.

"Mukundifanizira ine ndi chiswe?"

"Ine ayi! Ine dzanja lanu ndimalidziwa. Ndikunena odutsa."

Basi pamenepo a Nantchengwa anaiwala lamulo. Anawonjezera chipinda. Kanyimbi anati chakongola, kungoti khonde la Achiswe likuoneka lotambalala pang'ono. Anawonjezera khonde kuzungulira. Kanyimbi anati tsopano ndiye zayamba, kungoti nyumba ya a Nduna ndi yaitali pang'ono. A Nantchengwa anasanjikiza nyumba ina pamwamba, ina pamwamba pa inzake, mpaka chinthucho chinaphimba kanyumba ka mayi a Kanyimbi kamene kanali pambali pake.

A Njati anachionera kutali. Anabwera akuthamanga.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi nyumba, bwana," anayankha a Nantchengwa monyadira. "Odutsa asiyanitse."

"Lamulo likuti zofanana! Zofanana! Ndiye chiposenso yanga?"

A Njati akapsa mtima saona. Anaweramitsa mutu, anachigunda chinyumbacho, anatulukira mbali inayo, ndipo nyanga zawo zinakolanso kanyumba kakale kaja. Kanyimbi anangokwanitsa kudumphiramo n'kutulutsa mtsuko wa chimera. Atacheuka, kanyumba ka mayi ake kanali pansi, fumbi lili koboo. Anadzidzimuka, fungo lake linakhuthuka lonse, a Njati anathawa akutsokomola, a Nantchengwa anauluka akutukwana kuti sadzamangiranso boma.

Kanyimbi anafwenkha pamulu wa udzu wakalewo, kufunafuna pamene pankagona mayi ake. Panali fungo la iye mwini lokha, la mayi ake litatha. Tsiku limenelo anaimba motsitsa, ndipo anafika pakati pa mayina n'kusiya.

Mawa lake mvula inagwa. Sinali yoopseza, inali mvula yeniyeni, ndipo inagwa tsiku lonse. Nyama zinaunjikana m'misasa yodontha, zikuyang'ana nyumba zawo zatsopano, zouma bwino, zitseko zili chimangire. Ena anakachonderera a Njati kuti angodula luzi. A Njati anati sangathe, mawuwo ali m'lamulo, ndipo kuti asinthidwe mpaka aphungu akhalenso pansi. Aphunguwo anali atabalalika kukadzala m'minda mwawo.

Mvula itakata, Nduna inafika kwa Kanyimbi ikuyenda pang'onopang'ono. Ulemu unali utatha.

"Iwe Kanyimbi, ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ine, bwana? Nyumba basi, monga mwa lamulo."

"Amisiri onse akana."

"Ndiye kwatsala manja a anthu, bwana. Koma paja dima munaletsa."

A Njati anapukusa mutu, anapalasa pansi, anayang'ana kumwamba kumene mitambo ina inkasonkhana.

"Mawa m'mawa nyama zonse zibwera pano. Koma si dima, wamva? Ndi ntchito yachitukuko."

"Inde, bwana. Si dima."

Nduna isanafike patali, Kanyimbi anali atayamba kale kusinja chimera. Anaphika thobwa mitsuko yonse imene inapulumuka m'kanyumba kogwa kaja, thobwa lokoma, la chimera chimene chinadikira nthawi yaitali. Anasesa bwalo mpaka linayera. Anasamba ndi phulusa, anadzipaka mpungabwi thupi lonse kuti fungo lichepe. Anatsuka zikho n'kuzindandalika pamphasa, ndipo chake anachiika pakati pa zinzake, osati pambali. Anali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Mundikhululukire, koma ndikamuganizira akukonza zikhozo ine chisoni chimandigwira.

Kutacha nyama zinabwera. Zonse ndithu, monga ankalotera. Zinaponda pabwalo pake, wina ndi nsichi, wina ndi mapaso, wina ndi udzu. Koma zinabwera ubweya uli wonyowa, maso ali psuu, masamba atatsekera m'mphuno. Nkhani ya Ngaka ndi ulimbo inali itamveka mudzi wonse. Panalibe anapereka moni.

Kanyimbi sanazione zimenezo, kapena sanafune kuziona. Anaima pakati pa bwalo, anakonza pakhosi, n'kuyamba nyimbo. Mawu ake anali abwino, palibe ankadziwa kuti Kanyimbi ali ndi mawu otero. Anaitana Mayi Nkhanga poyamba, kufunsa chimene abweretsa. Anasiya mpata.

Mayi Nkhanga anatula mtolo wa udzu pansi. Sanadzutse mutu.

Kanyimbi anaganiza kuti sanamve. Anaitana Gwape. Gwape anapitiriza kukumba dzenje la nsichi. Anaitana Nungu, anaitana Mbewa, anaitana Fulu, anaitana ngakhale a Njati. Pamalo pamene khamu linkayenera kuvomera kuti lilipo, kunkangomveka nkhwangwa ndi kuphwanyika kwa mitengo.

"Fulumirani!" ankakuwa a Njati. "Mitambo iyo!"

"Thobwa lilipo, abale!" anatero Kanyimbi. "Pumulani pang'ono, mumwe!"

"Tidzamwa kwathu," anayankha Nungu osacheuka.

Sindinaonepo nyumba yomangidwa msanga chotero, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale Achiswe akanagoma. Anthu okwiya amagwira ntchito mwachangu. Dzuwa lisanafike pamutu denga linali litatha, lofolera bwino, losadontha. A Njati anamanga luzi pachitseko chake kuti mwambo ukwanire, anayamba kulankhula za chitukuko, koma palibe ankamvera. Anangodula luzilo mofulumira, n'kuthamanga mzere wonse akudula lina ndi lina, nyama zili pambuyo pawo. Zitseko zinatseguka, zitseko zinatsekeka.

Pabwalo panatsala Mayi Nkhanga okha, akumanga nsalu m'chiuno. Kanyimbi anatunga thobwa n'kuwapatsa chikho ndi manja awiri.

"Mayi, ngakhale kungolawa."

Mayiwo sanalandire.

"Udzu umene ndabweretsawu, a Kanyimbi, ndinamweta kalekale, lamulo lisanabwere. Ndinausungira inu. Achiswe pakudya nyumba yanga ndinachita kuubisa."

"Ndiye bwanji simunandivomere, mayi? Ndinayamba ndi dzina lanu."

"Ndinamva. Ndinkafuna kudzakhala woyamba kukuvomerani. Ndinkadziwa kuti anzathuwa anakulakwirani zaka zonsezi, ndi ine ndemwe." Anacheukira ana awo. "Mwawawerenga ana anga lero?"

Kanyimbi anayang'ana tiana timene tinaunjikana kumapazi a mayi awo. Sanadziwe kuti tinalipo tingati kale, koma anaona mmene mayiwo ankayang'anira kumapeto kwa mzere wa anawo, pamene panalibe kanthu.

"Kachitsiriza kanazizidwa mumvula ija," anatero Mayi Nkhanga. "Tinakaika dzulo madzulo. Nyumba inali pomwepo, youma, ine ndikuiona. Ndiye lero ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, a Kanyimbi, ndinayesa ndithu. Mawu sanabwere."

Chikho chinagwa m'manja mwa Kanyimbi.

"Mayi, ine sindinkafuna..."

"Ndikudziwa chimene munkafuna. Tsalani bwino. Nyumba yanu ndi yabwino."

Anasonkhanitsa ana awo n'kumapita.

Musandifunse woti ndimuloze chala. Lamulo linapatsa aliyense denga, ndipo linalanda Kanyimbi tsiku lake limodzi. Kanyimbi analitenganso tsikulo mwanzeru, ndipo nzeruzo zinalanda mayi mwana. Mudzi nawo unali utamukankhira chikho ndi ndodo kwa zaka. Ine ndikungofotokoza zimene zinachitika.

Kanyimbi analowa m'nyumba yake yatsopano. Munalibe kanthu, makoma okhaokha, ndipo munali zii. Anaima pakati. Sindikudziwa chinamuchititsa, mwina chizolowezi, koma anayambanso nyimbo ija motsitsa. Anatchula dzina loyamba n'kusiya mpata. Ndipo ulendo uno china chinayankha. Mtima wake unadumpha, anathamangira pakhomo kuti aone wabwera ndani. Panja panalibe munthu, mitsuko ya thobwa yokha, ntchentche zikuzungulira. Anabwerera, anaimbanso, ndipo anamvetsa. Anali makoma a nyumba yopanda kanthu, akumubwezera mawu ake omwe.

Anadikira dzinja lonse. Nyumba za boma zinali zolimba, sizinagwe, choncho panalibe anafunanso luzi. Dima silinabwererenso, ndipo ana obadwa pambuyo pake nyimbo ija sanaidziwe. Thobwa linasasa, analitaya kuseri. Mvula itatha, Kanyimbi anatuluka m'nyumba muja, anakoka chitseko, anasenda luzi labwino monga ankachitira kale, n'kumanga chitsekocho yekha. Sanatsanzike aliyense, ndipo anthu anazindikira mochedwa kuti wachoka, ataona kuti mphepo yasintha.

Mpaka lero kanyimbi samanga nyumba. Amayenda yekha, ndipo akafuna pogona amalowa m'una umene anakumba wina n'kuusiya. Anthu amati ndi ulesi. Si ulesi ayi. Mu una wosiyidwa mumakhala mukadali kafungo ka mwini wake, ndipo iye amagona mphuno ataitsamiritsa pamenepo, kuti amve ngati ali ndi mnzake.

Yanga yathera apa. Amene muli ndi mawu, vomerani.